Kusambira kuchoka ku Robben Island: yambani ndi kuzizira

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu amene akugwira ntchito ku Cape Town. Akuti anakulira ku Nkhata Bay, kusambira anakuyamba ali wamng'ono, ndipo mtima wake uli pa kusambira kuchoka pachilumba cha Robben Island kukafika ku gombe la Blouberg. Akufunsa kuti: "Ndiziyeserera makilomita angati pa sabata?"

Achimwene, makilomita tikambirana, koma si amene adzakutulutseni m'madzi. Mtunda umenewo ndi pafupifupi makilomita 7 ndi theka, ndipo mwana wa m'mphepete mwa nyanja ngati inu saopa zimenezo. Choopsa ndi kuzizira. Madzi a nyanja yathu pamwamba pake amakhala madigiri 24 kapena kuposa. Pagombe la Atlantic ku Cape Town nthawi zambiri amakhala pakati pa 11 ndi 15, chifukwa cha mkokomo wa madzi ozizira wa m'nyanjamo wotchedwa Benguela. Chodabwitsa n'chakuti m'chilimwe, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikakalipa, imakankha madzi ofunda apamwamba n'kutulutsa ozizira apansi. Ndi mchimwene wake wa mwera wathu uja, kungoti iyi imabwera ndi chisanu m'madzi pomwe kumtunda dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye yambani kuzoloweretsa thupi. Lowani m'nyanja kawiri kapena katatu pa sabata, ku gombe la Clifton kapena la Camps Bay, mphindi 10 zokha poyamba, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono. Mphindi yoyamba mpweya umabanika ndipo mtima umagunda kwambiri. Musathamangire kusambira, imani kaye mpaka kupuma kukhazikike. Musalowe nokha. Ine ndinaphunzira mochedwa kuti kuzizira kwenikweni kumabwera mutatuluka kale: magazi ozizira a m'manja ndi m'miyendo akabwerera mkati, mumanjenjemera moti tiyi simungamwe osatayira pachifuwa. Vulani zonyowa msanga, valani zofunda, ndipo galimoto musayendetse nthawi yomweyo.

Za makilomita: pitani padziwe la Sea Point, lomwe ndi la mamita 50, muzisambira katatu kapena kanayi pa sabata, ndipo kumapeto kwa sabata kamodzi muzitalikitsa m'nyanja. Mukafika posambira maola awiri m'madzi ozizira popanda kusokonezeka mutu, mwayandikira.

Mchere nawo ndi mlendo kwa ife. Umatupitsa lilime, umanyula khosi ndi m'khwapa, choncho pakani Vaseline musanalowe. Phunzirani kupumira mbali zonse ziwiri, chifukwa mafunde sasankha kochokera, komanso kudzutsa mutu pang'ono kuti muone kumene mukulowera. Yeserani kumwa kanthu kotsekemera kofunda mphindi 30 zilizonse muli m'madzi, osagwira boti. Pa tsiku lenilenilo boti lokuperekezani n'lofunika, ndipo bungwe la Cape Long Distance Swimming Association ndi limene limavomereza kuti munthu wawolokadi.

Lewis Pugh, katswiri wosambira mitunda italiitali, anasambira kuchoka ku Robben Island mu 1987 ali ndi zaka 17, kenako mu 1992 anabwera kwathu n'kuwoloka nyanja ya Malawi. Iye anayambira kozizira n'kubwera kofunda. Inu mukupita mobwerera, choncho musalembetse tsiku lowoloka musanathe miyezi ingapo mukunyowa ku Clifton.