Kodi molekyu ili ndi dzanja lamanzere?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi, ndipo ndikufuna kulongosola m'Chichewa za chiral catalyst imene akatswiri amagwiritsa ntchito popanga mankhwala mothandizidwa ndi kuwala. Ana anga amawerenga kuti "chiralo", moti wina wafunsa ngati zikachuluka tizinena "ziralo". Ndimuyankhe bwanji?

Mwanayo ali ndi khutu la Chichewa, aphunzitsi, musamukalipire. Wamva chi- wa chinthu ndi zinthu. Koma liwulo limayamba ndi k polankhula, ndipo tsinde lake ndi liwu la Chigiriki lotanthauza dzanja. Ndiye tibwerekerenji, manja tili nawo? Tambasulani anuwo. Lamanja ndi lamanzere amafanana ngati munthu ndi chithunzi chake pagalasi, koma mukasanjika lina pamwamba pa linzake, zikhatho zonse zitaloza pansi, zala zazikulu zimaloza kosiyana. Mamolekyu ena, timagulu ta maatomu olumikizana timene timapanga zinthu, ali choncho. Wasayansi wa ku France Louis Pasteur anaziona mu 1848 pamene ankasankha timibulu ta mchere wa tartaric acid (asidi wopezeka mu mphesa), tamanja patokha, tamanzere patokha. Nenani "molekyu yamanja" ndi "molekyu yamanzere". Thupi lathu limatha kusiyanitsa ziwirizi, n'chifukwa chake opanga mankhwala amafuna mtundu umodzi wokha.

Pa catalyst ena amati "chofulumizitsa". N'zoona, imafulumizitsa kusintha kwa makemikolo popanda iyo yokha kutha, koma panopa liwulo likuperewera chifukwa imasankhanso dzanja. Ine ndimalemba "katalisiti yosankha dzanja". Ka- ameneyu si wa kamwana, choncho musamati "katalisiti aka" kapena "titalisiti". Iziyenda ngati kalata: katalisiti iyi, makatalisiti awa.

Funso: Ndinamasulira light-driven kuti "zoyendetsedwa ndi kuwala". Mnzanga akuti ndikanalemba "kuunika". Wolondola ndani?

Nonse mwaphonya pang'ono, koma mnzanuyo waphonya kwambiri. Timaunika kuti tione, ndipo dokotala amaunika wodwala. Apa palibe amene akufuna kuona kanthu. Molekyu ikumwa mphamvu ya kuwala n'kusintha. Inu mwalondola pa "kuwala", kungoti "kuyendetsa" kumandikumbutsa galimoto. Lembani kuti "zoyambitsidwa ndi kuwala", kapena ingowongolani chiganizo: kuwala ndiko kumapereka mphamvu.

Mawu akuti "kumapereka mphamvu" musawapeputse, chifukwa vuto lonse la akatswiri lagona pa mphamvuyo. Molekyu ikamwa kuwala imakhala yaphuma, siyidikira katalisiti. Imasintha yokha, ndipo zotuluka zimakhala zamanja ndi zamanzere theka ndi theka. Luso lake n'lakuti kusinthako kuzichitika pokhapokha molekyu itagwiridwa ndi katalisiti, imene imatchinga mbali imodzi n'kusiya inayo poyera. Mu 2008 David Nicewicz ndi David MacMillan, ku yunivesite ya Princeton, anaphatikiza makatalisiti awiri: ya chitsulo cha ruthenium yomwa kuwala kwa babu wamba, ndi ina yosankha dzanja. Mukamalemba za mphoto ya Nobel imene MacMillan analandira limodzi ndi Benjamin List mu 2021, musaimangirire pa kuwala. Anawapatsa chifukwa cha makatalisiti osankha dzanja opanda zitsulo.

Ndaonanso kuti munalemba "mankhwala" ponseponse. Woŵerenga aganiza za mapiritsi. Pamene simukunena zochiza, lembani "makemikolo".