Ndere za pa mtengo wa oak ku Taynish: ziwazeni madzi kaye

Achemwali, mwafunsa ngati ndere zokhuthala zomwe mwajambula pa khungwa la mtengo wa oak ku Taynish, ku Argyll m'dziko la Scotland, ndi Lobaria pulmonaria. Malowo akulola ndithu. M'nkhalango zakale za kumadzulo kwa Scotland ndi momwe zidakachuluka, pomwe m'madera ambiri a England zinatha ndi utsi wa malasha. Vuto n'loti munajambula kunja kutauma, ndipo ndere za mtundu umenewu zikauma zimangotuwa, kusiyanitsa kwake kumavuta.

Mukapitanso, tengani botolo la madzi ndi kagalasi kokuza zinthu ka 10. Ziwazeni, mudikire pang'ono. Pulmonaria ikanyowa imabiriwira kwambiri, ndipo pamwamba pake pamaoneka mizere yotukuka, yolukana, yokhala ndi timaenje pakati, ngati m'kati mwa chifu cha mbuzi. Pa mizereyo ndi m'mphepete mumakhala tiufa totuwa: ndito timagwa n'kukamera pa mtengo wina. Kenako tukulani nsonga imodzi ndi chala, mosamala. Kunsi kumakhala ubweya wofiirira, koma pansi pa kaenje kalikonse pamakhala potupa, poyera, popanda ubweya. Ine ndikaona zimenezi sindifunsanso.

Zomwe zimasokoneza anthu ndi ziwiri. Lobaria virens nayonso imabiriwira, koma ndi yosalala, yopanda mizere, ndipo imakakamira khungwa, pomwe pulmonaria imagwira chapakati, nsonga zake zili lende. Lobarina scrobiculata ili ndi timaenje, koma ikanyowa imatuwa mokhala ngati yabuluu.

Chonde musasende ngakhale kachidutswa koti mukaonere kunyumba. Zimakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo sizifala kutali. N'chifukwa chake Francis Rose, katswiri wa zomera wa ku England, m'zaka za m'ma 1970, anaziika pa mndandanda wa ndere zosonyeza kuti nkhalango yakhalapo kuyambira kale osadulidwa yonse. Mavuto zili nawo kale, poti mtengo wina womwe zimakonda, wa ash, ukufa ndi matenda omwe anapezeka ku Britain mu 2012.

Jambulani zitatu: mtengo wonse, pamwamba pa ndereyo itanyowa, ndi kunsi kwake. Lembani mtundu wa mtengo, tsiku, ndi malo enieni ochokera pa GPS ya foni, n'kutumiza ku British Lichen Society, omwe amasunga kaundula wa komwe ndere zapezeka. Chithunzi cha kunsicho mutiponyerenso kuno tione nawo.