Kodi "flee" ndi "escape" amatanthauza chinthu chimodzi?

Funso: Ndine wophunzira wa Fomu 4 ku Nsanje. Polemba chimangirizo cha Chingerezi chokhudza namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, ndinalemba kuti "Some people escaped the floods but drowned on the way." Aphunzitsi anga anafufuta "escaped" n'kulembapo "fled". Kodi onsewa satanthauza kuthawa?

Yankho: Aphunzitsi anu sanalakwitse, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa kale, popeza m'Chichewa sitisokoneza kuthawa ndi kupulumuka. Munthu amatha kuthawa ng'ona m'mbali mwa mtsinje wa Shire koma n'kugwidwabe. Ameneyo wathawa, koma sanapulumuke. Mneni wa "flee" amangonena za kuchoka mwaliwiro pamalo oopsa, osatiuza ngati wothawayo anakafika kumtunda ali moyo, pamene "escape" amatsimikiza kuti ngoziyo yamuphonya. Choncho chiganizo chanu chinkadzitsutsa chokha, chifukwa chinkanena kuti anthuwo anapulumuka kenako n'kumira m'madzi omwewo.

Chimene chimandithandiza ine kukumbukira kusiyanaku ndi chiyambi cha "escape". Liwuli linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kutuluka m'chofunda, ngati mmene munthu wogwidwa malaya amavulira malayawo n'kuwasiya m'manja mwa mdani, iye n'kupita. Dziwaninso kuti munthu amatha kupulumuka osathamanga n'komwe. Amene watuluka wopanda bala m'minibasi yogubuduzika timamunena kuti "she escaped injury", ndipo apa "fled" sangalowe ngakhale pang'ono.

Pa kalembedwe, ophunzira ambiri amagwa ndi nthawi yakale ya "flee". Palibe liwu lakuti "fleed". Timalemba "fled", kaya m'chiganizo chakuti "they fled" kapena "they have fled". Musalisokoneze ndi "flew", amene amachokera ku "fly", kuuluka, kapena ndi "flea", utitiri, ngakhale kuti katchulidwe ka liwu limeneli n'kofanana ndendende ndi ka "flee".

Mneniyu mudzamupeza kwambiri m'nkhani za othawa kwawo. Pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, imene inatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anawoloka malire kulowa m'Malawi, ndipo ambiri anakhala m'boma lanu lomwelo la Nsanje. Za iwowa mungalembe kuti "they fled Mozambique" kapena "they fled from Mozambique", ndipo ziganizo zonse ziwiri n'zolondola. Koma ndi "escape" samalani: wotuluka mozemba pamalo pamene anatsekeredwa amafuna "from", monga "he escaped from prison", pamene wopulumuka ku imfa timangoti "he escaped death".