Funsani Anamwino: Nsima akudya, koma khungu likuwauka

Anamwino, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Domué m'boma la Angónia. Apongozi anga aakazi, amene timadya nawo mphika umodzi, asintha kuyambira mwezi wa Disembala. Khungu la kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi ndi mozungulira khosi lada ngati lawauka ndi moto, ndipo likusenda. Akutsegula m'mimba pafupipafupi, lilime lafiira, ndipo dzana anasokera pochokera kudimba kumene akhala akulima zaka zonsezi. Chonsecho nsima sakuphonya, timadya kawiri pa tsiku. Nyemba ndi mtedza tinagulitsa zonse titangokolola kuti tipeze feteleza. Anthu ayamba kunong'onezana, ena akuti awalodza, ena akuti ndi matenda aja. Kodi munthu wokhuta nsima angadwale matenda a njala?
Mtengwa wa ku Domué

Mwana wanga, mawa lomwe atengeni apongoziwo kuchipatala, musadikire tsiku la msika. Munthu sindingamuyeze kudzera m'kalata, koma zimene mwafotokozazi ndazionapo kambirimbiri, ndipo zikufanana kwambiri ndi nthenda imene pakhadi la kuchipatala amalemba kuti pelagra. Ili ndi mankhwala, mapiritsi a nicotinamide. Munthu akayamba kumwa, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu zimayamba kuchepa m'masiku ochepa, khungu n'kumatsatira pambuyo. Koma ikalekereredwa imapha. Sipatsirana, choncho pitirizani kudyera nawo limodzi. Ngati akumwa mankhwala a TB kapena amamwa kachasu, mukanene kwa adokotala, chifukwa ziwirizi zimakulitsa vutoli. Magazi akayezetsenso, kuti manong'onong'o a m'mudziwo athe ndi umboni.

Tsopano funso lanu lenileni. Inde, wokhuta nsima angadwale matenda a njala, ndipo kuti mumvetse, tiyeni titsatire mbamu imodzi ya nsima kumene imapita.

Ntchito imayambira m'kamwa. Malovu ali ndi mphamvu yophwanya ufa kuti usanduke shuga, n'chifukwa chake chimanga chokazinga mukachitafuna nthawi yaitali chimayamba kutsekemera. Ife nsima timangomeza osatafuna, ndiye mbamu ija imatsika pakhosi, mtunda wa masentimita pafupifupi 25, n'kukafika m'chifu. M'menemo muli asidi wamphamvu amene amapha tizilombo tambiri n'kuyamba kufewetsa nyama, nsomba ndi nyemba. Chifu chimakanya chakudyacho kwa maola awiri mpaka anayi kufikira chitakhala ngati phala lamadzimadzi. Kukhuta kumene timamva kuja kumachokera makamaka pa kutamuka kwa chifu. Chifu sichidziwa ngati chimene chalowacho ndi nsima yokha kapena nsima ya nyemba zotendera.

Chiweruzo chimachitikira m'matumbo aang'ono, amene mwa munthu wamkulu ndi otalika pafupifupi mamita 6. Tsiku lina kunyumba akapha mbuzi, inu mukutsuka matumbo, tembenuzani kachidutswa ka thumbo laling'ono muone m'kati mwake. Mumakhala mofewa ngati nsalu ya bweya. Athunso ndi otero. Bweyawo ndi timinofu ting'onoting'ono tosawerengeka, ndipo ndi timeneti timayamwa chakudya chosungunuka n'kuchilowetsa m'magazi. Ndulu yochokera kuchiwindi imathiridwa momwemo kuti isungunule mafuta. Chimene timinofuto talephera kuyamwa chimapitirira kumatumbo aakulu, kumene thupi limachotsako madzi, chotsalacho n'kukathera kuchimbudzi.

Apa ndiye pali nkhani ya chimanga. Thupi limafuna vitamini wina wotchedwa niacin, yemweyo amene ali m'mapiritsi a nicotinamide aja, pang'ono chabe, mamiligalamu 14 mpaka 16 pa tsiku kwa munthu wamkulu. M'chimanga alimo, koma ndi womangika mwa njira yoti matumbo athu samumasula, amangodutsa. Thupi limathanso kudzipangira vitaminiyu kuchokera ku zakudya zomanga thupi, koma chimanga n'chosauka pa mbali yomweyonso. Ndiye tikachikonola, gaga n'kupatsa nkhumba, mphale n'kuviika masiku atatu, kutsuka, kuyanika, ufa umene umatsala ndi woyera mokongola koma wangotsala ndi mphamvu yokha. Ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo zimenezi zimamasula vitamini uja. Chimangacho chinawoloka nyanja kudzafika kuno, koma kaphikidweko kanatsala komweko.

Vitaminiyu akasowa, zoyamba kuvutika ndi ziwalo zimene sizipuma. M'kati mwa matumbo mumasinthika khungu latsopano pa masiku osakwana sabata, ndiye zipangizo zikachepa, timinofu tija timafota ndipo munthu amatsegula m'mimba, n'kumatayanso ngakhale kochepa kamene wadya. Khungu limawauka malo okhawo amene dzuwa limamenya, n'chifukwa chake apongozi anu ada m'manja ndi m'khosi, koma mukaona pansi pa nsalu mupeza khungu labwinobwino. Ubongo nawo umafooka, ndiye kusokera kuja.

Ine nthendayi ndinaiona ndisanalote n'komwe za unamwino. Mu 1990 tinali ku Malawi, titathawa nkhondo. Chakudya cholandira chinali ufa, nyemba pang'ono, mafuta ndi mtedza. Mtedza utasiya kubwera kwa miyezi ingapo, anthu oposa 17,000 mwa ife othawa nkhondo anadwala pelagra chaka chimenecho, ambiri mwa iwo amayi. Azakhali anga anali mmodzi. Ndimakumbukira akukhala kuseri kwa msasa, atafunda nsalu mpaka m'khosi dzuwa likuswa mtengo, kubisa khungu lakuda limene linawazungulira m'khosimo ngati mkanda, ndipo tsiku lina ananditchula dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Atalandira mapiritsi, mtedza n'kuyambanso kubwera, anabwerera mwakale, ndipo tinabwerera nawo limodzi kumudzi nkhondo itatha mu 1992.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona magalimoto akunyamula nyemba, soya ndi mtedza pa Ulónguè nthawi yokolola, matumba mpaka pamwamba, kenaka mu Januwale nyumba zomwezo zikudyera nsima masamba owiritsa ndi mchere. Sindikukudzudzulani, feteleza sagulidwa ndi mawu. Koma chaka chino, musanaitane wogula, patulani thumba la mtedza ndi la nyemba, muike kumene bambo a kunyumba akudziwa kuti n'zosakhudza. Mtedza wodzaza manja awiri uli ndi niacin wochuluka ndithu. Padakali pano gwiritsani ntchito zimene mungapeze: nsinjiro m'phala ndi m'nkhwani, kapenta wa ku Cahora Bassa ngakhale kambale kamodzi, dzira, chiwindi cha nkhuku kapena cha mbuzi, ngumbi ndi bowa wodziwika bwino poti ino ndi nyengo yake. Ufa ukhale wa mgaiwa. Ndipo yang'anani mbale ya apongoziwo pakudya. Amayi achikulire ali ndi chizolowezi chokankhira ndiwo kwa adzukulu, iwo n'kumangosunsa msuzi. Apakulireni ndiwo zawozawo. Kumunda apume kaye, ndipo akatuluka padzuwa afunde manja ndi khosi mpaka khungu litapola. Anawonso muwaone bwino, poti mphika ndi umodzi.

* * *

Mayi Anamwino, ndimayendetsa chapa pakati pa Moatize ndi Zóbuè. Masana sindidya, ndimangomwa zoziziritsa kukhosi ndi mapiritsi a ululu chifukwa cha msana. Usiku ndimadya kwambiri n'kugona pomwepo, ndiye chilungulira chimandidzutsa, ndipo pansi pa chifuwa pamaotcha. Ndimamwa soda wophikira, anzanga akuti ndizimwa mkaka. Chabwino n'chiti?
Dalaivala wa ku Moatize

Achimwene, zonse ziwiri zimangoziziritsa kwa kanthawi. Soda amazimitsa asidi mphindi zochepa, koma ali ndi mchere wambiri umene sugwirizana ndi BP, ndipo mkaka ukangogayika chifu chimathiranso asidi wina.

Pamene kummero kumakumana ndi chifu pali mnofu umene umatseka ngati kamwa la thumba. Mukadzaza chifu n'kugona chogona, asidi amakankha pamenepo n'kukwera, ndicho chilungulira. Idyani kanthu masana, ngakhale nthochi ndi mtedza pa siteji, chakudya chamadzulo chichepe, ndipo papite maola awiri kapena atatu musanagone. Kumutu kwa bedi ikani njerwa kuti kukwere. Fodya ndi mowa zimafooketsa mnofu uja.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapiritsiwo. Ngati ndi ibuprofen, diclofenac kapena aspirin, dziwani kuti amachepetsa chinthu choterera chimene chimateteza chifu kuti chisadzigaye chokha, ndipo kumwa tsiku ndi tsiku kumabweretsa zilonda. Siyani kugula nokha, msanawo akauone adokotala. Zilonda zambiri za m'mimba zimayambanso ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamatha kukhala mu asidi. Anakatulukira ndi madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, mu 1982. Anzawo atakayika, Marshall anamwa yekha madzi okhala ndi kachilomboko, nadwaladi, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Ndikukuuzani izi kuti mudziwe kuti zilonda zimachizika ndi mankhwala a masiku 10 mpaka 14, omwa motsatira malangizo mpaka kumaliza. Pitani mukapimidwe. Koma mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena mwasanza magazi, kapena chakudya chikukakamira pomeza, kapena mukuonda osadziwa chifukwa, galimoto muisiye tsiku lomwelo muthamangire kuchipatala.

* * *

Anamwino, mdzukulu wanga wa zaka zisanu wameza nthanga ya masau. Amake akufuna kumumwetsa mafuta ophikira kuti ituluke. Titero?
Agogo a ku Furancungo

Ayi agogo, mafutawo asamumwetse, angamutsamwe n'kulowa m'mapapo. Ngati mwanayo akupuma bwino, akudya ndi kusewera, nthangayo yatsika njira ya chakudya, ndipo poti siigayika idzatuluka yokha ndi chimbudzi, kawirikawiri m'masiku awiri kapena atatu. Adye monga mwa nthawi zonse, amwe madzi okwanira. Choopsa n'kumeza nthanga zambiri nthawi imodzi, monga amachitira ana akakhala pansi pa mtengo tsiku lonse, chifukwa zimatha kuunjikana n'kutseka njira. Mimba ikatupa, akamasanza, kapena akalephera kuchita chimbudzi, mutengereni kuchipatala. Akayamba kutsokomola mosalekeza kapena kupuma molira, ndiye kuti nthangayo yalowa njira ya mpweya, pamenepo musachedwe ngakhale usiku. Masauwo musamuletse, ali ndi vitamini C wochuluka. Mungomuphunzitsa kulavula nthanga, ndipo ang'ono ake osakwana zaka zitatu muziwachotseratu nthangazo musanawapatse.