Musanatumize mankhwala kumisasa ya anthu othawa madzi

Mayi, mwafunsa chifukwa chake mankhwala amene mpingo wanu ku Leeds, ku England, ukufuna kutumiza kumisasa ya kuno ku Malawi akufunika chilolezo pamene anthu akuvutika. Mtima wanu ndi wabwino, koma chonde musatolere mankhwala otsala m'nyumba za anthu.

Mankhwala olowa m'Malawi, ngakhale a mphatso, amafunika chilolezo cha PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala lomwe linabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ngozi ikagwa lamuloli silichoka ayi, ndipo ine ndimaliikira kumbuyo. Malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mankhwala a mphatso afike kukadali chaka chathunthu kuti athe mphamvu, asakhale obwezedwa ndi odwala, ndipo zolembedwapo zikhale m'chilankhulo chimene azachipatala a kuno amamva.

Paja mu May 2021 boma linawotcha katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca okwana 19,610. Anafika kutatsala masabata osakwana atatu kuti athe mphamvu. Mphatso ndithu, koma inathera pamoto.

Taganizirani msasa wa pasukulu ngati ija ya nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, ku Phalombe kapena ku Nsanje. Namwino ali yekha, mzere wafika pakhomo, akutsegula katoni yanu. Muli mapiritsi odulidwa ndi sizasi, tsiku lothera mphamvu linapita ndi chidutswa chinacho, kabotolo kena kali ndi dzina la munthu wa ku England. Sangapereke kwa wodwala. Kutaya kudzala sangatayenso, ana angatole. Mwamuwonjezera ntchito pa tsiku lomwe alibe ndi mpata womwa madzi.

Zimene zimasowa kumsasa n'zodziwika: ORS (wobwezeretsa madzi m'thupi), zinc, klorini wothira m'madzi poopa kolera, mankhwala a malungo. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi a BP, shuga, khunyu ndi omwa ma ARV, amene mankhwala ndi kabuku kawo ka kuchipatala zinapita ndi madzi. Amenewa akufunika mtundu womwewo umene amamwa kale, osati wina wofanana nawo. N'chifukwa chake boma lili ndi mndandanda wa mankhwala ofunikira, womwe Central Medical Stores Trust, yogulira zipatala za boma mankhwala, imatsata pogula.

Ndiye lankhulani kaye ndi ofesi ya zaumoyo ya boma limene mukufuna kuthandiza, akuuzeni chimene chasowa. Kenako tumizani ndalama, mankhwalawo agulidwe konkuno kwa ogulitsa ovomerezeka ndi PMRA. Afika msanga, ndipo ndalama ya ndege igula ORS wina.