Za nyali yachikasu pa PowerVault: musathamangire kukweza peresenti

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kuofesi kwanu pa boma pompano muli ndi makina osungira deta a Dell PowerVault MD3200i, Lolemba m'mawa mwapeza nyali yachikasu ikuyaka, ndipo mutatsegula Modular Disk Storage Manager, pulogalamu yoyendetsera makinawo, mwaona Recovery Guru, gawo lake lofotokoza mavuto, ikunena kuti snapshot repository, malo amene snapshot imasungamo zinthu zake, yadutsa malire a chenjezo. Ndaonanso kuti wina wakulangizani kuti mungokweza peresenti ya chenjezo kufika 90 kuti nyaliyo izime. Chonde musayambire pamenepo. Nyali izimadi, koma chomwe chikudzaza repository chipitiriza kudzaza, ndipo mukhala mwadzichotsera masiku ochepa omwe makinawo akukupatsani oti mukonze zinthu. Akuluakulu amati ukabisa matenda maliro adzaulula.

Tiyambe ndi mmene snapshot, chithunzi cha mmene disiki inalili pa nthawi inayake, imagwirira ntchito, chifukwa ambiri amasokonekera apa. Anthu amaganiza kuti ukajambula snapshot ndiye kuti makina akopera disiki yonse n'kuiika pambali. Ayi. Pa makina awa njira yake ndi copy-on-write. Taganizirani mayi wa golosale pamsika wa Mangochi amene ali ndi kaundula wamkulu wa ngongole, ndipo akufuna kudzakumbukira mmene kaundulayo analili pa 1 mwezi uno. Salembanso buku lonse. Amagula kakope kakang'ono, ndipo nthawi iliyonse akafuna kufufuta mzere m'kaundula kuti alembe zatsopano, amayamba wakopera mzere wakalewo m'kakopeko. Kakope kameneko ndiye repository. Mzere umene sunakhudzidwe sulowa m'kakope. Mzere umene wasintha kakhumi chijambulire snapshot umalowa kamodzi kokha, ulendo woyamba uja. Choncho repository sidzaza chifukwa disiki yanu ndi yaikulu. Imadzaza chifukwa malo ambiri osiyanasiyana pa disikiyo alembedwa mwatsopano kuyambira tsiku lomwe snapshot inajambulidwa, ndipo snapshot ikamakhalitsa, malo osinthawo amangochulukirachulukira.

Makina anuwa ndi a banja limodzi ndi ma IBM DS ambiri akale komanso ma NetApp E-Series. Onse anachokera ku Engenio ya LSI, imene NetApp inagula mu 2011, n'chifukwa chake zomwe mungawerenge zokhudza SANtricity, pulogalamu yoyendetsera ma E-Series, zimafanana kwambiri ndi zanu, kungoti iwo amati volume pomwe a Dell amati virtual disk. M'banja limeneli muli mitundu iwiri ya snapshot, ndipo muyenera kudziwa kuti yanu ndi iti. Yakale ija, imene pulogalamu imaitcha legacy, ukangovomereza zomwe makina akusankhira, repository imakhala 20 peresenti ya disiki yeniyeni ndipo chenjezo limabwera ikafika theka, 50 peresenti. Yatsopano, ya snapshot group, imayamba ndi 40 peresenti ndipo imachenjeza pa 75. Ndiye ngati disiki yanu ndi ya 2 TB ndipo snapshot ndi yakale, repository yanu ndi ya pafupifupi 400 GB, ndipo nyali yayaka itadutsa pafupifupi 200 GB.

Chinthu choyamba kuchita lero, musanakhudze kalikonse: tsegulani properties za repository, lembani papepala peresenti yomwe ili panopa ndi nthawi yake. Bwerezaninso madzulo poweruka, kenako mawa m'mawa. Peresenti yokha siikuuzani zambiri. Chimene mukufuna ndi liwiro lake. Repository imene yatenga miyezi itatu kufika pa 52 ilibe changu chilichonse. Imene Lachisanu inali pa 15 ndipo lero ili pa 52 ikhoza kudzaza sabata isanathe. Pa chitsanzo cha 400 GB chija, ngati ikukwera ndi 40 GB patsiku, mwatsala ndi masiku asanu basi.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chimandisowetsa tulo ndikamva nkhani ngati yanuyi, onani kuti makina anauzidwa kuchita chiyani repository ikadzaza ndithu. Pali zisankho ziwiri zokha ndipo chilichonse chili ndi ululu wake. Pa snapshot ya legacy, makina akhoza kuipha snapshot, seva n'kupitiriza kulemba ngati palibe chachitika. Snapshot ikafa choncho yafa, ngakhale muwonjezere malo pambuyo pake siibwerera. Kapena makina akhoza kuiteteza snapshot pokana kulemba pa disiki yeniyeni. Zikatero database imaima, ma virtual machine amauma, akauntanti amabwera pakhomo panu ali ndi anthu pamzere. Pa snapshot group chisankho ndi pakati pa kufufuta snapshot yakale kwambiri payokha kapena kukana kulemba komweko. Maganizo anga ndi oti pa disiki imene anthu akugwirirapo ntchito tsiku ndi tsiku, kukana kulemba sikuyenera kukhalapo pokhapokha mwakhala pansi ndi abwana n'kugwirizana kuti snapshotyo ndi yofunika kuposa ntchito ya tsikulo. Nthawi zina zimakhaladi choncho, monga pamene mukusamutsa database ndipo snapshot ndiye pothawira panu pokha kwa maola angapo. Koma chikhale chisankho chimene munthu wachita maso ali gwa, osati chosiyidwa ndi amene anabwera kudzaika makina kuchokera ku Blantyre zaka zapitazo.

Tsopano funso lenileni: n'chiyani chikulemba chonchi? Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira pa ofesi ina ya m'mbali mwa nyanja, njira yopita ku Monkey Bay, kumene ndinkathandiza. Repository inkakhala phee masana onse, koma m'mawa uliwonse ndinkaipeza yadumpha. Ndinakhala masiku atatu ndikuganiza kuti makina ali ndi vuto. Tsiku lachinayi ndinagona komweko, pampando wapulasitiki m'kachipinda ka seva, kunja kukutentha ngati mmene Okutobala wa kuno amachitira, nditatsegula performance monitor, imene imaonetsa kuchuluka kwa zowerenga ndi zolemba pa disiki. Itangokwana 1 koloko usiku mzere wa zolemba unakwera njo. Munthu amene analipo ine ndisanabwere anaika ndondomeko yoti database izitulutsa backup yake usiku uliwonse n'kuiika m'foda ya pa disiki yomweyo imene inali ndi snapshot. Usiku uliwonse fayilo yaikulu yatsopano, yolembedwa pa malo atsopano, ndipo makina mokhulupirika ankakopera zakale za malo amenewo kupita ku repository. Nditangosamutsa fodayo kupita pa disiki ina yopanda snapshot, vuto linatheratu osagula kanthu.

Zina zimene zimachita chimodzimodzi: defragment ya Windows (kusanjanso zidutswa za mafayilo pa disiki) imene imayenda yokha pa ndondomeko, kumanganso ma index a database, kusamutsa virtual machine kubwera pa disikiyo, kuika ma update aakulu, ngakhale munthu kukopera mavidiyo a ukwati pa foda ya ofesi. Dziwaninso kuti kufufuta mafayilo sikubweza malo mu repository, chifukwa makina saona mafayilo, amangoona malo olembedwa. Ndipo ngati snapshot ya legacy munailumikiza ku seva ina moti ikulembedwa, zolembazo zikupitanso mu repository yomweyo.

Pali chimodzi choopsa chimene sindingachisiye. Repository ikakwera mwadzidzidzi kwambiri popanda ntchito iliyonse imene mukuidziwa, tsegulani mafayilo angapo pa seva nthawi yomweyo muone ngati akutseguka bwinobwino. Ransomware, pulogalamu ya mbava yotseka mafayilo kuti mulipire, imalemba mwatsopano pafupifupi fayilo iliyonse imene yaipeza, ndipo repository imadzaza mwamsanga. Mukapeza mafayilo asintha mayina kapena akukana kutseguka, chotsani sevayo pa netiweki ndi kuimitsa kulemba pa disikiyo kaye. Snapshot imene ikukuvutitsani lero ingakhale ndiyo yokupulumutsani, koma ngati yadzaza n'kufa, yapita nthawi imene mukuifuna kwambiri.

Mukadziwa gwero, kukonza kwake sikovuta. Funsani kaye kuti snapshot imeneyi ndi ya chiyani. Zambiri zimene ndazipeza zitadzaza zinajambulidwa wina asanachite upgrade, upgrade inayenda bwino, snapshot n'kuiwalika kwa chaka. Yotereyo ilibe ntchito, ikungochedwetsa disiki, popeza kulemba koyamba pa malo alionse kumafuna kuwerenga zakale, kuzilemba ku repository, kenako kulemba zatsopano. Ngati ndi ya legacy ndipo mukufunabe kukhala ndi snapshot pa disikiyo, chitani disable kenako re-create. Imagwiritsanso ntchito repository yomweyo, kuyambira pa ziro, koma chithunzi cha tsiku lakale lija chimatayika, ndiye tsimikizani kaye kuti palibe akuchifuna ndipo palibe seva imene yailumikiza. Ngati ndi snapshot group, mumafufuta kuyambira yakale kwambiri kubwera kuno, simungadumphe n'kuchotsa yapakati. Onaninso auto-delete, malire amene snapshot zikapitirira makina amafufuta okha yakale kwambiri. Gulu limodzi limasunga snapshot mpaka 32, ndipo maofesi ambiri a kuno safuna zochuluka choncho. Zisanu ndi ziwiri, imodzi patsiku, zimakwanira kubweza fayilo imene wina wafufuta molakwitsa sabata ino.

Ngati snapshot ndi yofunikadi ndipo liwiro lake ndi la ntchito yeniyeni, wonjezerani malo a repository isanadzaze. Zimatheka makina ali pantchito, bola pakhale malo otsala m'disk group, gulu la ma disiki ogwira ntchito limodzi, kapena ma disiki osagwiritsidwa ntchito. Werengani motere: zomwe ikukwera patsiku, kuchulukitsa ndi masiku amene mukufuna kusunga snapshot, n'kuwonjezerapo malo a tsiku loipa monga kutha kwa mwezi pamene amalipiro ali kalikiliki. Mukatero mpamene mungasinthe peresenti ya chenjezo, ndipo muiike poti chenjezo likabwera Lachisanu madzulo, Lolemba m'mawa mupeze malo akadalipo. Ine ndimakonda kuchita ntchito yowonjezerayi magetsi ali bwino, jenereta ili ndi mafuta, ndipo Recovery Guru isakudandaula za batire ya controller, ubongo wa makinawo, kapena disiki yodwala. Ngati ikudandaula zimenezo, yambani nazo.

Mwanenanso kuti mukuopa kufufuta snapshot chifukwa ndiyo backup yanu. Apa ndiye pandikhudza kwambiri, achimwene. Kakope ka mayi wa golosale kaja kalibe tanthauzo kaundula wamkulu akapsa, chifukwa muli mizere yosintha yokha. Snapshot imadalira disiki yeniyeni ndipo zonse zili m'bokosi limodzi, m'chipinda chimodzi, pa magetsi amodzi. Mphezi ya mvula yoyamba ikalowa pa chingwe, kapena ma disiki awiri a RAID 5 (dongosolo lopirira kufa kwa disiki imodzi yokha) akafa motsatizana, zonse zipita pamodzi. Musanafufute kapena kusintha chilichonse sabata ino, koperani deta yonse pa disiki yakunja, yesani kubweza mafayilo angapo kuchokera pamenepo kuti muone ngati akutseguka, ndipo disikiyo izikagona kwina, osati pamwamba pa seva.

Ikaninso ma alert a imelo mu pulogalamu yomweyo kuti chenjezo lizikupezani pafoni, musamadikire kuona nyali Lolemba. Mukalemba ma peresenti atatu aja, a lero m'mawa, madzulo ndi mawa, muwaike pano pamodzi ndi kukula kwa disiki ndi chisankho chimene mwapeza pa repository ikadzaza, ndidzakuthandizani kuwerengera malo oti muwonjezere.