Akufuna kumanga nsanjika 40 kuseri kwa nyumba yanu? Yambani mwayang'ana pansi pake

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wakwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wina waukulu kumpoto kwa England. Apempha kuti ndisawatchule dzina, ndipo mzindawo ndausiyanso. Khonsolo yawalembera kalata yoti kampani ina ikufuna kumanga nyumba yogonamo ya nsanjika 40 pamalo oimika magalimoto amene ali kuseri kwa nyumba yomwe amachita lendi, pakatikati pa tauni. Apatsidwa masiku 21 oti apereke maganizo. Anthu a m'deralo agawanika. Achikulire akuti chinyumbacho n'chonyansa ndipo chiwononga maonekedwe a mzinda, pamene achinyamata akuti mangani msanga chifukwa nyumba zikusowa ndipo lendi yafika posauzana. Mayiwa nthawi zambiri amagwira ntchito usiku. Amuna awo akuti, ife ndi alendo, za eni dziko tisalowerere. Funso lawo n'lakuti kodi kulembako kuli ndi phindu, ndipo ngati kuli nalo, alembe zotani?

Achemwali, lembani. Alamu angawo muwauze kuti pankhani ya mapulani a zomangamanga ku England safunsa pasipoti. Aliyense ali ndi ufulu wopereka ndemanga, kaya nyumba ndi yake kaya ndi ya lendi, kaya anabadwira komweko kaya anatsika ndege chaka chatha. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chongoti mudziwe n'chakuti makhonsolo ambiri amaika ndemangazi pa intaneti kuti aliyense aziwerenga, ndiye musalembemo zimene simungafune kuti alandilodi anu aone.

Koma musaganize kuti ndi chisankho choti ochuluka apambane. Makalata chikwi onena kuti "sitikufuna" akhoza kugonja kwa kalata imodzi yoloza vuto lenileni. Lamulo limauza akuluakulu a mapulani kuti aziyeza zinthu monga kuchepa kwa kuwala m'nyumba zoyandikana, mthunzi, phokoso, kuchulukana kwa magalimoto, chitetezo cha oyenda pansi, ndi mmene nyumba yatsopanoyo ingakhudzire nyumba zakale zotetezedwa. Kudandaula kuti pawindo panu simuzionanso mapiri, kapena kuti mtengo wa nyumba yanu utsika, iwo sawerengera n'komwe. Za maonekedwe amawerengera ndithu, koma kungoti "n'chonyansa" sikupita patali, chifukwa kampaniyo idzabwera ndi katswiri wake wonena kuti n'chokongola, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Maonekedwe amagwetsa pulani akamangiriridwa ku chinthu china chogwirika. Nsanja ya Tulip, ya mamita 305, imene inkafuna kumangidwa ku London, khonsolo ya City of London inaivomereza mu 2019, meya wa London yense, Sadiq Khan, n'kuikana chaka chomwecho, ndipo mu November 2021 boma linatsekeratu nkhaniyo. Chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali chakuti ikanaphimba ulemerero wa Tower of London, linga lakale limene lili pamndandanda wa malo a mbiri otetezedwa wa UNESCO, nthambi ya United Nations.

Ine ndikaona zithunzi zimene makampaniwa amafalitsa ndimaseka. Nthawi zonse kumakhala kuli dzuwa, anthu atakhala panja akumwa khofi, mitengo itabiriwira, ngati kuti ku England kulibe January. Zithunzizo zimakokera maso anu kumwamba, kunsonga, kumene simudzakafikako. Inu moyo wanu udzakhala pansi pa chinyumbacho, mukamapita kokwera basi ndi pobwerera kunyumba mutanyamula majumbo. Ndiye funso loyamba likhale la mphepo.

Mphepo ya m'mwamba imathamanga kwambiri kuposa ya pansi, chifukwa kulibe zoitchinga. Ikagunda khoma lalitali losalala, ina imadutsa pamwamba, ina m'mbali, koma yambiri imatsetsereka ndi khomalo kutsika mpaka pamsewu, n'kukhotera m'makona a nyumbayo ndi liwiro loposa lomwe inabwera nalo. Zili ngati madzi a mvula pa denga la malata: amagwa mofatsa paliponse, koma onse amakatsikira pangodya imodzi n'kukumba dzenje. Anthu a ku Leeds amazidziwa bwino zimenezi. Nyumba ya Bridgewater Place, ya mamita 112 ndi nsanjika 32, inatsegulidwa mu 2007, ndipo pasanapite nthawi anthu anayamba kudandaula kuti mphepo ya pansi pake ikuwagwetsa. Mu March 2011 mphepoyo inagubuduza lole, n'kugwera bambo wina amene ankayenda pansi, ndipo anamwalira. Woweruza wofufuza za imfayo analangiza mu 2013 kuti mphambano ya pamenepo izitsekedwa mphepo ikafika mamailosi 45 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 72. Kwa zaka zingapo khonsolo inkatsekadi misewu pakati pa mzinda kukachita chimphepo, mpaka pamene anaika zitsulo zikuluzikulu zotchinga mphepo pamwamba pa msewu wa Water Lane ndi pakhoma la nyumbayo. Zonsezi zinachitika nyumba itamangidwa kale, munthu atafa kale.

Ndiye pitani pa webusaiti ya khonsolo, lembani nambala imene ili pakalata yanuyo, mutsegule zikalata zonse zimene kampaniyo yapereka. Zimakhala zambiri zotopetsa, koma fufuzani lipoti la mphepo. Muli mapu okhala ndi madontho a mitundumitundu osonyeza pamene munthu angakhale pansi bwinobwino, pamene angaime, pamene angangodutsa, ndi pamene pali poopsa. Pezani khomo lanu pamapupo. Pezani poimira basi, powolokera msewu ndi pakhomo la sukulu ngati ilipo. Onaninso ngati anayesa kachifanizo ka nyumbayo m'chipinda chopemerera mphepo kapena anangowerengera pa kompyuta, komanso ngati anaganizira nyumba zina zazitali zomwe zavomerezedwa kale pafupi. Ngati njira yawo yothetsera vutolo ndi mitengo yodzala m'miphika, funsani kuti m'nyengo yozizira masamba akayoyoka chidzatchinge mphepo n'chiyani. Inu mumakankha okalamba panjinga ya olumala tsiku ndi tsiku, mukudziwa zimene mphepo yadzidzidzi imachita kwa gogo woyendera ndodo. Katswiri wa kampani sangalembe zimenezo kuposa inu.

Chachiwiri ndi dzuwa. Kumpoto kumeneko mu December dzuwa limangoyenda m'munsi, moti nyumba ya nsanjika 40 imaponya mthunzi wautali kangapo kuposa msinkhu wake. Pali lipoti linanso la kuwala, ndipo kawirikawiri limatchula nyumba zoyandikana ndi mawindo ake limodzilimodzi. Lanu likhoza kukhalamo. Muyeso umene amagwiritsa ntchito kwambiri pa bwalo kapena paki umati theka la malowo lizilandira dzuwa kwa maola osachepera awiri pa 21 March.

Nkhani ya kuwalayi inapulumutsa sunagoge wa Bevis Marks ku London, amene anatsegulidwa mu 1701 ndipo ndi wakale kwambiri mwa masunagoge omwe akugwirabe ntchito ku Britain. Kampani ina inkafuna kumanga maofesi a nsanjika 48 pa Bury Street, pafupi kwambiri. Opemphera kumeneko sanataye nthawi ndi kunyoza maonekedwe a nsanjayo. Iwo anafotokoza kuti nyumba yawo imadalira kuwala kolowera m'mawindo ndi makandulo, kuti ndi yotetezedwa ndi lamulo moti sangangoikamo magetsi mmene akufunira, komanso kuti pali pemphero limene amachita akaona mwezi watsopano ali pabwalo lawo, ndipo nsanjayo ikanatseka mbali ya thambo imene mweziwo umaonekera. Makhansala anakana pulaniyo mu October 2021. Kampaniyo inabweranso itadulako nsanjika zingapo, ndipo mu December 2024 anaikananso. Onani mmene anachitira: anatchula chimene chitayike, malo ake, ndi nthawi yake.

Dzuwa limavutanso mwa njira ina nyumba ikakhala ya magalasi opindika. Mu 2013 nyumba ya 20 Fenchurch Street, imene anthu amaitcha Walkie Talkie, inasonkhanitsa kuwala pamsewu wa Eastcheap mpaka kusungunula mbali zina za galimoto ya Jaguar, atolankhani n'kumakazingapo mazira. Ngati yanuyo ndi yamakoma owongoka, izi musavutike nazo.

Tsopano za achinyamata aja. Ine ndili mbali yawo pang'ono, ndisakunamizeni. Malo oimika magalimoto pakati pa mzinda, pafupi ndi masitima ndi mabasi, ndi malo oyenera kumangapo nyumba zambiri, ndipo amene amakana chilichonse chatsopano nthawi zambiri ndi oti ali kale ndi nyumba zawozawo. Kukana nsanja kokha sikudzatsitsa lendi yanu. Koma funsani kuti nyumbazo adzagonemo ndani. Makhonsolo amachita mgwirizano ndi omanga, wotchedwa Section 106, umene umanena kuchuluka kwa nyumba zotsika mtengo ndi ndalama zothandizira misewu, sukulu kapena zipatala. Omangawo amaloledwa kubweretsa mawerengero osonyeza kuti akapereka zonsezo sapeza phindu lokwanira, ndipo apa ndi pamene malonjezo amafota. Pachitukuko cha Battersea Power Station ku London, nyumba zotsika mtengo zinali zoti zikhale 636, koma mu 2017 khonsolo ya Wandsworth inalola kuti zitsike kufika 386. Chenjeraninso ndi mawu akuti zotsika mtengo, chifukwa lamulo limalola lendi ya nyumba zoterozo kufika 80 peresenti ya lendi ya pamsika, ndipo kwa munthu wolandira malipiro a wosamalira okalamba kumeneko sikutsika ayi. Zimene zingakuthandizeni ndi za social rent, nyumba za khonsolo kapena za mabungwe a nyumba zimene lendi yake imakhala yotsika kwambiri kuposa ya pamsika. Funsani kuti zilimo zingati, komanso zingati zili ndi zipinda zokwanira banja la ana.

Za moto ingoonani kuti pulaniyo ili ndi masitepe awiri othawira. Chichitikireni ngozi ya moto ya pa Grenfell Tower ku London mu June 2017, imene inapha anthu 72 m'nyumba ya masitepe amodzi, malamulo akhwima, ndipo boma linalamula kuti nyumba zatsopano zogonamo zopitirira mamita 18 zizikhala ndi awiri.

Kalata yanu ikhale yaifupi, ya mfundo ziwiri kapena zitatu, m'mawu anuanu, yotchula tsamba la lipoti lomwe mukunenalo. Simukukakamizidwa kusankha pakati pa inde ndi ayi. Mukhoza kulemba kuti nyumba mukuzifuna, koma pakona yakutiyakuti mphepo ikonzedwe nyumbayo isanalowedwe. Tumizaninso kalatayo kwa khansala wa wodi yanu. Pulani yaikulu chonchi kawirikawiri imakagamulidwa ndi komiti ya makhansala pamsonkhano woti aliyense akhoza kukhalapo, ndipo makhonsolo ambiri amapatsa otsutsa mphindi zochepa, kawirikawiri zitatu, bola mulembetse msanga. Dziwaninso kuti bwaloli ndi lopendekeka: khonsolo ikakana, kampani ili ndi ufulu wochita apilo kuboma, koma ikavomera, inu oyandikana nawo mulibe apilo, kupatula kupita kukhoti lalikulu pasanathe masabata asanu ndi limodzi, zomwe zimafuna ndalama zambiri. N'chifukwa chake masiku 21 amenewa musawagonere.

Mwanena kuti nthawi zambiri mumagwira ntchito usiku. Maola amene makhonsolo ambiri amalola phokoso la zomangamanga ndi kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo pakati pa sabata, ndi mpaka 1 koloko masana Loweruka, nthawi yeniyeni imene inu mumagona, ndipo nyumba yotalika chonchi imatenga zaka kuti ithe. Phokoso la pomanga silikanitsa pulani, koma khonsolo ikhoza kuika malamulo a njira imene malole azidzera, nthawi yokhomera maziko, kuthira madzi pafumbi, ndi nambala ya foni yoimbira zinthu zikavuta. Lembani kuti m'nyumba yanuyo muli anthu ogwira ntchito usiku, ndipo ngati mukuwadziwa ena, muwauze alembenso makalata awoawo.